Malangizo kwa a ku Zambia Opita Kukagwila Nchito ku UK: Viza, Inshuwalansi ndi Zofunika Mukafika

Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi pasipoti ya Zambia ndipo afuna kukagwila nchito ku United Kingdom kwa miyezi yopitilila 6. Malamulo ake amacokela ku Home Office, unduna wa boma la UK woona za olowa m'dziko. Ndalama zochulidwa muno n'za kumapeto kwa 2025. Mitengo imeneyi imasintha kawili-kawili, conco pa tsiku lofunsila viza tsegulani GOV.UK, webusaiti ya boma la UK, muone ngati yakwela.

Musanalipile ngwee iliyonse

Viza ya nchito, kaya ndi Skilled Worker kapena Health and Care Worker ya manesi ndi madokotala, imayambila kwa wolemba nchito. Kampani kapena cipatala cimene cakuitanani cifunika kukhala ndi laisensi ya Home Office yolembela anthu akunja. Maina a onse amene ali nayo ali pa mndandanda wa pa GOV.UK, ndipo aliyense angauone kwaulele. Dzina likasowa pamenepo, imani pomwepo. Akakutengani nchito amakupatsani Certificate of Sponsorship. Si pepala la cidindo ayi, ndi nambala cabe ya mu kompyuta, ndipo mufunika kufunsila viza miyezi 3 isanathe kucokela tsiku limene mwapatsidwa.

Nambala imeneyi siigulitsidwa. Wolemba nchito saloledwa kukulipilitsani mtengo wake kapena wa laisensi yake. Dziwaninso kuti kuyambila pa 22 July 2025, UK inaleka kulemba anthu ocokela kunja pa nchito ya care worker, yosamalila okalamba ndi odwala. Ejenti wa pa WhatsApp amene akali kukuuzani kuti malo alipo, tumizani cabe dipoziti, akugulitsani mphepo. Musagulitse puloti kapena ng'ombe za atate anu cifukwa ca uthenga wotelo.

Pa nkhani ya Cizungu ambili amadabwa. Tinaphunzila m'Cizungu kuyambila ku pulaimale, koma Zambia siili pa mndandanda wa maiko amene Home Office imawawelengela kukhala olankhula Cizungu. Mufunika kulemba mayeso ovomelezeka, kapena kutumiza digili yanu ku Ecctis, bungwe loona mapepala a maphunzilo ocokela kunja, kuti atsimikizile kuti munaiphunzila m'Cizungu. Manesi, azamba ndi madokotala amene anapambana kale mayeso ofunidwa ndi bungwe lowalembetsa ku UK safunika kulembanso.

Pimitsani TB. Aliyense wokhala mu Zambia amene apita kwa miyezi yopitilila 6 afunika kupimidwa, ndipo kupimako kucitikile ku kiliniki yovomelezedwa ndi Home Office. X-ray ya ku cipatala cina, ngakhale cacikulu bwanji, saiona. Satifiketi yake imagwila nchito miyezi 6 kucokela tsiku lojambulidwa. Ngati cithunzi sicinaoneke bwino adzakupemphani makhololo, ndipo zotulukapo zake zingatenge mawiki 8, motelo musasiye zimenezi mpaka kumapeto. Ana osakwana zaka 11 kawili-kawili sajambulidwa, amangoonedwa ndi dokotala. Mayi woyembekezela auze a kiliniki asanalowe m'cipinda cojambulila, cifukwa pali njila zina zimene angasankhe.

Opita ku nchito za umoyo, za uphunzitsi ndi zosamalila anthu afunikanso police clearance. Tengani ya Zambia Police Service, komanso ya dziko lina lililonse kumene munakhalako miyezi 12 kapena kuposa pa zaka 10 zapitazi. Amene munagwilako nchito ku Botswana kapena ku Namibia, yambani msanga kuifunafuna.

Masiku 28 a ku banki

Apa m'pamene ambili amagwela, ndipo amagwa pa kanthu kocepa. Mufunika kuonetsa £1,270 imene yakhala mu akaunti yanu masiku 28 otsatizana. Onjezelani £285 ya mkazi kapena mwamuna wanu, £315 ya mwana woyamba ndi £200 ya mwana aliyense wotsatila. Banja la anthu anayi lifunika £2,070. Tsiku la nambala 28 lisapitilile masiku 31 kumbuyo kucokela tsiku limene mwatumiza fomu.

Mawu akuti otsatizana muwamvetse bwino. Tinene kuti ndalama zakhala masiku 20, ndiyeno mwatapako pang'ono kugula mayunitsi a ZESCO n'kubwezela m'mawa mwake. Ngati usiku umenewo ndalama zinatsika pansi pa mlingo, kuwelenga kwayambilanso pa 1. Cinanso, ndalama zanu zili m'makwacha, koma Home Office imazisintha kukhala mapaundi pa mtengo wa tsiku limene mwafunsila. Kwacha ikagwa pakati apo, zimene zinali zokwana sizikwananso. Ikaniko zapamwamba. Ndalama za cilimba zimene mudzalandila mwezi wamawa siziwelengedwa, ofunika ndi sitetimenti ya ku banki. Ngati abwana anu analemba pa Certificate of Sponsorship kuti adzakusamalilani mwezi woyamba, umboni wa ku banki sufunika, koma onani ndi maso anu kuti analembadi.

Mukatumiza fomu pa intaneti, mudzapita ku malo ofunsila viza mu Lusaka kukajambulidwa nkhope ndi zala. Yankho limabwela pa mawiki atatu nthawi zambili. Tikiti ya ndeke muigule yankho litabwela.

Viza yanu ili mu foni

Makhadi a pulasitiki ochedwa BRP, amene anali umboni wa viza, anatha nchito pa 31 December 2024. Tsopano cilolezo canu ndi eVisa, viza ya pa intaneti, ndipo mumaciona mukatsegula akaunti ya UKVI, nthambi ya Home Office yoona za maviza. Tsegulani nokha, ndi imelo yanu komanso nambala ya foni imene idzakhala ikugwila nchito mukafika. Musalole ejenti kapena abwana kuikapo zawo. Abwana kapena mwini nyumba akafuna umboni wakuti muli m'dziko mwalamulo, mumawapatsa share code, nambala yocokela mu akauntiyo, imene imakhala masiku 90. Mukatenga pasipoti yatsopano, ilembetseni mu akauntiyo musanayende ulendo, apo ayi mungavutike kukwela ndeke yobwelela ngakhale viza yanu ili bwino-bwino.

Cipatala: zimene mwalipilila ndi zimene simunalipilile

Pofunsila viza mumalipilanso Immigration Health Surcharge, ndalama yokulolani kugwilitsila nchito zipatala za boma za NHS. Kuyambila pa 6 February 2024 ndi £1,035 pa caka kwa wamkulu, ndi £776 kwa mwana wosakwana zaka 18 kapena wophunzila. Imalipilidwa yonse pamodzi, zaka zonse za viza. Injiniya wopita ndi mkazi wake ndi ana awili kwa zaka 3 adzalipila £10,866 asanakwele n'komwe ndeke, ndipo mtengo wa viza yeniyeniyo ndi wapadela. Viza ikakanidwa, ndalama imeneyi imabwezedwa. A viza ya Health and Care Worker ndi mabanja awo sailipila.

Mukangofika, lembetsani kwa GP, dokotala wa m'dela lanu. N'kwaulele, ndipo musayembekeze kuti muyambe mwadwala. Ku UK simungangopita kwa dokotala wamkulu wa matenda akutiakuti, GP ndiye amakutumizani. Vuto likabwela usiku imbani 111, pa ngozi yoika moyo paciswe imbani 999. Ku England mankhwala alionse olembedwa ndi dokotala mumalipila £9.90, pamene ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland ndi aulele. Mano ndi magalasi a maso akulu-akulu ambili amalipila okha. Ndipo mukapita ku holide kunyumba n'kubwela ndi thupi lotentha, uzani dokotala mosazungulila kuti mwacokela ku Zambia, apime malungo. Kwa iwo si matenda amene amawaganizila coyamba.

Ambili amaganiza kuti ndalama ya NHS ija ndi inshuwalansi ya banja lonse. Ayi. Imakhudza okhawo amene maina awo ali pa viza. Amayi anu akabwela kudzaona mdzukulu pa viza ya alendo ya miyezi 6, sali m'gulu limenelo, ndipo khadi lawo la NHIMA limagwila m'zipatala za mu Zambia cabe. Ku cipinda ca ngozi adzathandizidwa kwaulele, koma akangogonekedwa mu wodi bilu imayamba, ndipo ku England mlendo amalipila 150 pelesenti ya mtengo wa NHS. Nkhongole ya £500 kapena kuposa ikakhala yosalipilidwa, imauzidwa ku Home Office ndipo ingawakanitse viza ulendo wotsatila. Aguleni inshuwalansi ya paulendo asananyamuke ku Lusaka. Polemba fomu yake chulani BP, shuga ndi mankhwala onse amene amamwa. Matenda obisidwa ndiwo amapatsa kampani cifukwa cokanila kulipila.

Pali nkhani ina imene sitikonda kuikamba. Munthu akamwalila ku UK, NHS siinyamula mtembo, ndipo Zambia High Commission ya ku Palace Gate mu London imathandiza pa mapepala. Bokosi, kukonza thupi ndi ndeke zimafuna mapaundi masauzande, ndipo zimagwela banja ndi anzanu a m'gulu la WhatsApp. Ngati mufuna kukagona kumudzi pafupi ndi makolo anu, tengani inshuwalansi ya malilo imene yalemba poyela kuti imabweza mtembo ku Zambia. Welengani nthawi yoyembekezela isanayambe kulipila. Ngati muli nayo kale ya kunyumba, funsani ngati imagwila munthu akafela kunja.

Motoka

Mbali ya msewu ndi imodzimodzi, kumanzele. Laisensi ya RTSA mungayendetse nayo miyezi 12 kucokela tsiku limene munayamba kukhala m'dziko. Anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa amangosinthitsa zawo, koma ya Zambia siisinthidwa. Mufunika kutenga provisional licence, laisensi ya wophunzila, kulemba mayeso a malamulo a pamsewu, ndi kupambana mayeso oyendetsa. Malo a mayeso amacedwa kupezeka, conco lembetsani miyezi yoyambilila.

Cizolowezi ca kunyumba cobwelekana makiyi cisiyeni pa Kenneth Kaunda International Airport. Ku UK inshuwalansi imachula munthu woyendetsa. Motoka ya msuweni wanu ingakhale ndi inshuwalansi yokwana, koma ngati dzina lanu silinalembedwepo, inuyo mukuyendetsa popanda inshuwalansi. Cilango cake ndi faindi ya £300 ndi mapointi 6 pa laisensi, ndipo apolisi angalande motokayo. Motoka yopitilila zaka 3 ifunikanso MOT, kupimidwa ngati ili bwino kuyenda pamsewu, caka ciliconse.

Nyumba ndi malipilo

Ku England dipoziti ya nyumba wamba siipitilila lendi ya mawiki 5, ndipo mwini nyumba afunika kuisungitsa ku bungwe lovomelezedwa ndi boma pasanathe masiku 30. Tsiku lolowa jambulani zipupa, kapeti ndi mamita a magetsi ndi gasi. Pa lendi onjezelani council tax, msonkho wa khonsolo umene wokhala yekha amacotseledwa 25 pelesenti, komanso TV licence ngati muonelela TV. Bilu yotenthetsela nyumba kuyambila November mpaka March ndiyo imadzidzimutsa obwela kumene.

National Insurance number ndi ya msonkho ndi penshoni, osati ya cipatala. Yang'anani ngati ili kale pa eVisa yanu. Ngati palibe, funsilani pa GOV.UK kwaulele, ndipo mungayambe nchito mukali kuiyembekezela. Sungani payslip iliyonse. Kuyambila April 2025 malipilo ocepetsetsa a munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba anali £12.21 pa ola. Pasipoti yanu ikhale ndi inu, abwana alibe mphamvu yoisunga.

Nchito ikatha

Viza yanu ndi yomangika kwa abwana amene anakuitanani. Simungasamukile ku kampani ina musanatenge Certificate of Sponsorship yatsopano ndi kusintha viza. Nchito yapambali imaloledwa mpaka maola 20 pa wiki, koma si nchito iliyonse, yambani mwaona mndandanda. Mukacotsedwa nchito, kapena kampani ikalandidwa laisensi, Home Office imafupikitsa viza yanu kufika masiku 60, kapena masiku amene anatsala ngati ndi ocepelapo. M'masiku amenewo pezani wolemba nchito wina kapena konzekani kubwelela. Thandizo la ndalama za boma monga Universal Credit simuloledwa kulandila. Ngati abwana akuopsezani ndi nkhani ya viza kuti mugwile maola osalipilidwa, a Acas, bungwe loona za mikangano ya pa nchito, amapeleka uphungu kwaulele.

Funsilani kuonjezela viza isanathe. Mukatelo mumakhalabe mwalamulo mpaka yankho litabwela. Amene mufuna kudzakhazikika, musakhale kunja kwa UK masiku opitilila 180 pa miyezi 12 iliyonse, ndipo lembani masiku a maulendo anu onse, ngakhale a malilo. Nthawi yoyembekezela cilolezo cokhazikika yakhala zaka 5, koma mu May 2025 boma linalengeza kuti lifuna kuikweza kufika zaka 10. Mwana wobadwila ku UK sakhala nzika ya kumeneko cifukwa cobadwilako cabe. Mulembetseni pasanathe masiku 42 ngati muli ku England kapena Wales, mum'tengele pasipoti ya Zambia, ndipo mum'funsile viza musanapite naye kukaonetsa ambuye ake.

Za m'cikwama

Nyama ndi zamkaka zocokela ku Zambia n'zoletsedwa, kaya ndi nyama youmika, soseji kapena mabisi. Nsomba n'zololedwa mpaka makilogilamu 20 munthu mmodzi, youmika kapena yowamba, ndipo ikakhala yaiwisi ikhale yotumbula. Kapenta wa ku Siavonga ndi buka-buka wa ku Mpulungu angalowe. Vinkubala ndi uci, makilogilamu 2. Ndiwo zamasamba zaziwisi, mbewu ndi zipatso zambili zimafuna satifiketi ya zaulimi, koma mango, nthoci ndi cinanazi zimalowa popanda pepala. Ndalama za m'manja zokwana £10,000 kapena kuposa muzilengeze. Azakhali akakupatsani kathumba komanga kale kuti mukapatse mwana wawo ku Leeds, masulani muone zili mkati musanakaike m'cikwama canu.