Kukonza mawu a wandale okhudza chipembedzo

Ndikamathandiza munthu kukonza zokanena pamsonkhano wandale, ndimayamba ndamufunsa kuti: anthuwo akukhulupirireni chifukwa chiyani? Aristotle, katswiri wa nzeru wa ku Greece wakale, ankati wolankhula amakopa anthu ndi khalidwe lake, ndi mawu okhudza mtima, komanso ndi mfundo zomveka. Pankhani ya chipembedzo, khalidwe ndi limene limalemera kwambiri.

Nenani poyera pamene mwaima. Mu 1960 John F. Kennedy, Mkatolika amene ankapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti wa America, anaima pamaso pa abusa achipulotesitanti ku Houston n'kuwauza kuti tchalitchi chake sichidzamulamula pa zaboma. Nkhawa yawo anaitchula yekha, sanaizembe.

Vesi sankhani limodzi, ndipo ligwirane ndi vuto lenileni. Martin Luther King Jr., m'busa womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, polankhula ku Washington mu 1963 anatenga Amosi 5:24, lonena za chilungamo choyenda ngati madzi, n'kulilumikiza ndi tsankho limene anthu akuda ankakumana nalo tsiku ndi tsiku. Ine ndikapeza mavesi asanu m'ndime imodzi ndimafufuta anayi, chifukwa kumeneko ndiye kubisala kuseri kwa Baibulo.

Mitima ikakhudzidwa, tchulani chogwirika: lamulo liti, ndalama zingati, zichitika liti.

Kenako werengani mokweza, mukuganizira munthu wachipembedzo china amene waima kumbuyo kwa khamulo. Mawu oti "Mulungu ali kumbali yathu" ndimawachotsa nthawi zonse.