Matailosi ankangotukuka, koma vuto linali chinyezi cha pansi

Kunyumba kwathu ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, matailosi a pabalaza anayamba kulira ngati ng'oma ukawaponda. Ena anatukuka, ndipo m'mizere munkatuluka ufa woyera. Mmisiri anawamatanso ndi simenti, koma mvula itabwera anadzukanso.

Ndiye ndinaitana katswiri woyeza pansi pa nyumba, wokhala ndi mapepala ake. Anagogoda tailosi iliyonse ndi kachitsulo, n'kulemba ndi choko paliponse pomveka mphako. Atazula imodzi, anayala kapulasitiki pakonkire, n'kumata tepi mbali zonse kuti mpweya usalowe, n'kukasiya usiku wonse. M'mawa kunsi kwake kunali madontho a madzi. Apa ndi pamene panagona nkhani. Chinyezi chinkakwera kuchokera m'dothi, chifukwa omanga sanayale pulasitiki asanathire konkire, komanso madzi a padenga ankagwera pamaziko penipeni. Mvula ya kuno ku Mzuzu imachedwa kukata, dothi siliuma msanga.

Tinakumba ngalande kuzungulira nyumba ndi kuika magatala. Tinazula matailosi onse, konkire inauma bwino m'chilimwe, tinapaka mankhwala otchinga madzi, kenako tinamata matailosi ndi simenti yapadera yomatira matailosi yotchedwa tile adhesive, kusiya kampata m'mbali mwa khoma. Ndalama ya katswiriyo inali yochepa poyerekeza ndi matailosi amene anasweka.