Singano ya kutentha ikakwera, musathamangire kuchotsa thermostat

Mwezi wa Okutobala, galimoto ikamakwera chitunda kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, kapena ikamakwawa pa Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, dalaivala amakhala diso limodzi pamsewu, lina pa geji ya kutentha. Singano ikangodutsa pakati, mtima uli phaa. Akafika pagalaja, mawu amene amamva nthawi zambiri ndi akuti: "Bwana, thermostat ndi ya kumayiko ozizira, kuno siifunika, tingoichotsa." Inu amene mumasamala magalimoto akale oyenda m'misewu ya fumbi, kaya ndi Land Cruiser ya injini ya 1HZ, Hilux ya 3L, Patrol ya TD42 kapena Land Rover ya 300Tdi, malangizo ochotsa kachitseko ka pa njira ya madzi oziziritsa injini kameneka musawavomere msanga. Musanamasule bawuti iliyonse, dziwani kaye ngati injini yatenthadi kapena geji ndi imene ikunama.

Geji simaona madzi. Pa injini, pafupi ndi pamene pamakhala thermostat, pali kachipangizo kamkuwa kolowa m'madzi, kamene amakaniko amakatcha sensa. Madzi akamatentha, sensayo imalola magetsi ambiri kudutsa, ndipo singano imakwera. Choncho pakati pa madzi ndi maso anu pali sensa, waya, waya wa earth (wobwezera magetsi kudzera m'chitsulo cha galimoto) ndi geji yeniyeniyo. Galimoto ya zaka 25 imene yakhala ikugwedezeka m'misewu ya mabampu ndi kuwoloka mitsinje, chilichonse mwa zimenezi chikhoza kutopa.

Singano ikakwera muli paulendo, imani, zimitsani injini pakapita kamphindi, tsegulani boneti. Chivindikiro cha radiator musachikhudze. Madzi amene ali mkatimo ali pa mphamvu ndipo amatentha kuposa a m'poto yowira. Anthu ambiri apsa nkhope ndi manja chifukwa cha changu chimenechi. Mvetserani ndi kununkhiza. Injini yotenthadi imadziwika: madzi amabwata m'mapaipi, ena amasefukira m'kabotolo ka m'mbali, pamamveka fungo la oyilo wopsa, ndipo chitsulo chimalira kuti tetete chikamazizira. Ngati singano ili pa H (kotentha) koma injini ili phee, yambani kukayikira magetsi. Amene angakwanitse agule thermometer ija yongolozetsa pachitsulo n'kuwerenga. Ikalozetsedwa pa nyumba ya thermostat n'kuonetsa madigiri 80 mpaka 90, injini ili bwino, wolakwa ndi wina.

Kuyesa geji ya sensa ya waya umodzi n'kosavuta. Tembenuzani kiyi kuti dashibodi iyake, injini osailiza. Zulani waya pa sensa: singano iyenera kugwera pa C (kozizira). Kenaka gunditsani waya womwewo pachitsulo cha injini kwa kanthawi kochepa chabe, mnzanu akuyang'ana dashibodi: singano iyenera kuthamangira ku H. Musauchedwetse pamenepo, mungawotche geji. Ikachita zonse ziwiri, geji ndi waya zili bwino, ndiye kuti sensa ndi imene yafa kapena yaikidwa yolakwika. Ikakhala pa H ngakhale waya mwauzula, wayayo wasupuka penapake ndipo akukhudza chitsulo. Ikakana kusuntha konse, fufuzani fyuzi, waya woduka, kenaka geji. Magalimoto ena ali ndi masensa awiri oyandikana, ina ya geji, ina ya ma glow plug (zotenthetsera injini ya dizilo poiliza) kapena ya kompyuta ya injini, ndiye onetsetsani kuti mwagwira yoyenera.

Vuto limene limazunguza anthu kwambiri ndi la earth. Mukaona singano ikukwera nthawi imene mwayatsa nyali zakutsogolo kapena fani ya m'kati, n'kutsika mukazimitsa, injini siinalakwe. Madzi sangatenthe chifukwa mwayatsa nyali. Waya wonenepa wolumikiza injini ku chasisi, kapena wochokera ku batire, wachita dzimbiri kapena wakhwepa. Masulani, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangitsani. Ntchito ya theka la ola imeneyi yapulumutsa ma radiator ambiri amene akanasinthidwa pachabe. Pa Land Rover za Series III pali chinanso: kuseri kwa dashibodi kuli kabokosi kakang'ono kosunga magetsi a mageji pa mavoti 10. Kakafa, geji ya mafuta ndi ya kutentha zimanama limodzi, zonse kukwera kapena zonse kugwa. Mukaona thanki imene munathira theka ikuonetsa kudzaza pomwe injini ikuonekanso ngati yatentha, yambirani pamenepo.

Posintha sensa, gulani ya galimoto yanuyo. Masensa ambiri amafanana mano ndipo amalowa bwinobwino, koma salankhula chilankhulo chimodzi ndi geji yanu. Izi zimachitika kawirikawiri pa magalimoto amene anaikidwa injini ya mtundu wina, sensa ya injini yatsopano n'kulumikizidwa ku geji yakale. Komanso musakulunge mano a sensa ya waya umodzi ndi tepi yoyera ija ya mapulambala, chifukwa earth yake imadutsa m'manomo.

Bodza loopsa kwambiri la geji ndi lonena kuti zonse zili bwino. Sensa imawerenga bwino ikamizidwa m'madzi. Paipi ikaphulika madzi n'kutayika, sensa imatsala pamphepo, ndipo singano ikhoza kukhala pakati kapena kutsika kumene, injini ikupsa. Eni ake a 300Tdi amalidziwa vutoli, pakuti hedi yake, chitsulo chovindikira pamwamba pa injini, ndi ya aluminiyamu ndipo sichedwa kupindika. Singano ikayamba kuvina, kukwera ndi kutsika mosadziwika bwino, kapena ikagwa mwadzidzidzi muli pachitunda, imani. Ngati hita ya m'kati yayamba kutulutsa mphepo yozizira pomwe injini ndi yotentha, madzi atha. N'chifukwa chake kuona madzi m'mawa uliwonse injini isanalire sikungalowedwe m'malo ndi geji.

Tsopano za thermostat. Ndi kachitseko ka pa njira ya madzi, kamene mkati mwake muli phula. Injini ikakhala yozizira kamatseka, kuti madzi azingozungulira m'injini n'kutentha msanga. Phula likatentha limafufuma n'kukankha kachitsekoko, madzi n'kupita ku radiator. Pa thermostat iliyonse pamadindidwa nambala ya madigiri amene imayambira kutseguka, monga 76.5, 82 kapena 88. Ikafera chotseka, injini imatentha pakangopita mphindi zochepa mutanyamuka, pomwe radiator ndi yozizira mukaigwira. Ikafera chotsegula, singano imangokhala pansi, makamaka potsika phiri kapena m'mawa wa mu Juni ku Dedza ndi ku Mzimba.

Kuiyesa kumangofuna poto ndi mbaula. Imangirireni ku kachingwe, ilendewere m'madzi osakhudza pansi pa poto, ndipo tenthetsani pang'onopang'ono. Yabwino imayamba kutseguka madzi asanawire, imatseguka mokwanira kuti muone mpata woonekeratu, ndipo mukaivuula imatsekanso yokha ikamazizira. Yotseguka pang'ono chabe, kapena yokhala chotsegula ili yozizira, itayeni. Ngakhale yatsopano ya m'sitolo, ine ndimaiphika kaye ndisanaiike, chifukwa zipangizo zachinyengo zachuluka ndipo ndi bwino kudziwa zimenezo bawuti zisanamangidwe. Poika, mbali ya sipuling'i iloze ku injini, ndipo ngati ili ndi kabowo kokhala ndi kapini kogwedera, kabowoko kakhale kumwamba kuti mpweya uzituluka.

Nanga kuichotseratu kuli ndi vuto lanji? Injini ya dizilo inapangidwa kuti izigwira ntchito yotentha. Ikamayenda yozizira, mafuta sapsa bwino, imamwa dizilo wambiri, imafuka utsi, oyilo amada msanga, ndipo mapisitoni ndi maring'i amadyeka nthawi isanakwane. Kuwonongekaku kumabwera mwakachetechete, n'chifukwa chake anthu amati "yanga ndinachotsa kalekale ndipo ikuyendabe." Chinanso, pa mainjini ambiri thermostat ili ndi kambale kachiwiri kunsi kwake, kamene kamatseka njira yachidule ya madzi ikangotseguka njira ya ku radiator. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala yotseguka, madzi ena otentha amangobwerera m'injini osakafika ku radiator, ndipo galimoto imene mumafuna kuiziziritsa imatentha kuposa kale ikasenza katundu pachitunda. Kuchotsa thermostat n'kololeka pokhapokha yafera chotseka muli kutchire ndipo mukufuna kungofika kunyumba.

Ngati geji ikunena zoona ndipo thermostat yapambana mayeso a m'poto, wolakwa ali kwina. Yang'anani kutsogolo kwa radiator: njere za udzu, matope ouma ndi tizilombo zimatseka timipata take, makamaka mukayenda m'minda nthawi yokolola. Tsukani ndi madzi kuchokera kumbali ya injini kupita kunja, osati ndi mphamvu yambiri yopinda timapepala take. Gwirani lamba wa fani muone ngati wakhwepa. Fani ya mtundu wa viscous, yokhala ndi mafuta okhuthala pakati pake, ikatha mphamvu imazungulira ndithu koma siikoka mphepo, ndipo chizindikiro chake ndi galimoto yotentha ikamakwera pang'onopang'ono m'giya yaying'ono koma yozizira ikamathamanga pamsewu wa tala. Chivindikiro cha radiator nachonso chili ndi nambala ya mphamvu ya madzi imene chimapirira, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1, ndipo labala wake akatha madzi amawira msanga. Madzi a pamjigo a m'madera ena amasiya miyala yoyera m'timachubu ta radiator ngati imene mumaiona m'ketulo. Thirani coolant, mankhwala a mu radiator, wosakaniza ndi madzi oyera monga momwe zalembedwera pabotolo.

Mukaona thovu likutuluka mosalekeza pakamwa pa radiator injini itangolizidwa kumene ili yozizira, kapena oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, kapena madzi akutha tsiku ndi tsiku popanda pomwe akudontha, imeneyo ndi gasiketi ya hedi kapena hedi yong'aluka. Galimotoyo isayendenso, ikokedwe kupita kwa makaniko amene ali ndi chida choyesera mphamvu ya m'mapaipi a madzi.