Mmene mungasankhire fyuluta ya CPL ya lenzi yojambula motambalala kwambiri

Munthu akagula lenzi yojambula motambalala kwambiri, monga ya 16mm kapena 14mm pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu ngati filimu ya 35mm), kawirikawiri amafunanso fyuluta ya polaraiza, galasi lomangidwa kutsogolo kwa lenzi lochepetsa kunyezimira, yomwe ojambula amangoitchula kuti CPL, poganiza kuti imuthandiza kutulutsa thambo la buluu wozama. Musanatulutse ndalama, dziwani kuti pa lenzi yotereyi fyulutayi imavuta kwambiri pa thambo pomwepo, ndipo phindu lake lenileni mudzaliona pansi, pa madzi, pa masamba ndi pa miyala yonyowa.

CPL imadetsa thambo mwamphamvu pa chigawo chimene chili madigiri 90 kuchokera pomwe pali dzuwa, ndipo mphamvuyo imanka nichepa mukamayandikira kudzuwa kapena kumbali yoyang'anizana nalo. Lenzi ya 50mm imatenga kachigawo kochepa ka thambo, motero kudera kwake kumaoneka kofanana. Koma lenzi ya 16mm imatenga pafupifupi madigiri 97 kuchokera kumanzere kufika kumanja, kutanthauza kuti mbali yoderatu ndi mbali yosadera konse zimalowa m'chithunzi chimodzi, ndipo pathambo pamaoneka chigamba chakuda chovuta kuchichotsa pa kompyuta. Vutoli limachokera ku thambo lenilenilo, choncho ngakhale fyuluta yokwera mtengo chotani singalithetse. Chimene mungachite ndi kuibweza pang'ono fyulutayo m'malo moizunguza mpaka pamapeto pa mphamvu yake, kuchepetsa thambo m'chithunzi, kapena kuimika kamera choongoka kuti m'lifupi muchepe. Pojambula zithunzi zoti mudzazilumikize kukhala panorama, ndi bwino kuichotsa ndithu.

Mukatsimikiza kuti mukuifuna, yambani ndi kukula kwa mazinga a kutsogolo kwa lenzi. Nambala yake imalembedwa pafupi ndi chizindikiro cha ø pa lenzipo kapena mkati mwa chivundikiro. Mwachitsanzo, Canon EF-S 10-18mm imalandira fyuluta ya 67mm, Tokina 11-16mm f/2.8 ndi Canon EF 16-35mm f/4L IS zimalandira ya 77mm, pamene Nikon Z 14-30mm f/4 S imafuna ya 82mm. Ngati muli ndi malenzi angapo, mungagule fyuluta imodzi yaikulu n'kumaimanga pa malenzi ang'onoang'ono ndi mphete yokulitsira, yotchedwa step-up ring. Njirayi imapulumutsa ndalama, koma nthawi zambiri hudi, chotchinga kuwala chovekedwa kutsogolo kwa lenzi, siilowanso, ndipo mpheteyo imakankhira fyuluta patsogolo pang'ono, zomwe muyenera kuziyesa pa lenzi yanu.

Nkhani yaikulu pa malenzi awa ndi kuchindikala kwa mphete ya fyuluta. CPL ili ndi mphete ziwiri, ina yomangira ndi ina yozungulira, motero imakhala yochindikala kuposa mafyuluta ena. Lenzi yotambalala imaona kwambiri cham'mbali moti imatha kuona m'mphepete mwa mpheteyo, ndipo ngodya zinayi za chithunzi zimada. N'chifukwa chake muyenera kufunafuna yolembedwa kuti slim kapena thin. Komabe musangokhutira ndi mawu a pabokosi, chifukwa mafyuluta ena opyapyala kwambiri alibe mazinga kutsogolo kwake, ndipo chivundikiro chanu chotsina sichigwira, mumayenera kugwiritsa ntchito chongovundikira chimene chimagwa msanga m'chikwama. Ine ndimasankha yopyapyala koma yokhala ndi mazinga pang'ono kutsogolo. Ndiponso, ngati pa lenzi pamakhala fyuluta ya UV yotetezera galasi, ichotseni musanaike CPL, popeza kusanjikiza ziwirizi ndiyo njira yofulumira yodetsera ngodya.

Malenzi ena alibiretu mazinga chifukwa galasi lake lakutsogolo ndi lotumbika, monga Nikon AF-S 14-24mm f/2.8G ndi Canon EF 11-24mm f/4L. Pamenepa mufunika chogwirira chapadera chovekedwa kunja kwa hudi, monga zimene amapanga a Lee ndi a NiSi, ndipo magalasi ake ndi aakulu, a 150mm kapena kuposerapo, olemera komanso okwera mtengo. Amene amagwiritsa ntchito malenzi a Canon EF pa makamera a Canon EOS R ali ndi njira yosavuta, pakuti Canon imapanga adaputa yokhala ndi malo olowetsamo CPL kumbuyo kwa lenzi. Funso loti lenzi ili ndi mazinga kapena ayi ndi loyenera kulifunsa musanagule lenzi yeniyeniyo.

Pa mitundu iwiri ya polaraiza, ya linear ndi ya circular, tengani ya circular, yomwe ndiyo CPL. Ya linear imatha kusokoneza autofocus ndi kuyeza kuwala pa makamera a DSLR, ndipo ya circular imagwira bwino pa kamera iliyonse.

Galasi ndi zokutira zake ndi pamene ndalama zanu ziyenera kupita. Lenzi yotambalala imalowetsa dzuwa kapena kuwala kwa cham'mbali m'chithunzi kawirikawiri, ndipo galasi losakutidwa bwino limabweretsa timadontho towala ndi chifunga chofooketsa mitundu. Sankhani yokutidwa kangapo, yomwe a B+W amailemba kuti MRC ndipo a Hoya ali nayo m'gulu la HD, makamaka yokhala ndi chokutira chokana madzi ndi mafuta, popeza pafupi ndi mathithi mudzaipukuta kambirimbiri. Yolembedwa kuti Käsemann ndi yomatidwa m'mphepete kuti chinyezi chisalowe pakati pa magalasi. Mphete ya brass siikakamira pa lenzi mofanana ndi ya aluminiyamu, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa fyuluta yopyapyala ikakakamira pamasowa pogwira poimasula. Kumbukiraninso kuti CPL imadya kuwala, pakati pa sitopu imodzi ndi masitopu awiri (sitopu iliyonse imachepetsa kuwala ndi theka), ndipo zolembedwa kuti high transmission zimadya pang'ono, zomwe zimathandiza pojambula m'nkhalango popanda tripod.

Ikafika m'manja mwanu, iyeseni nthawi yobwezera isanathe. Ikani lenzi pa nambala yake yotambalala kwambiri, jambulani khoma loyera pa f/4, f/8 ndi f/16 (nambala za kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala m'lenzi), muli ndi fyuluta kenako mutaichotsa, ndipo yerekezani ngodya pa kompyuta, osati pa sikirini yaing'ono ya kamera. Onaninso ngati khomalo lasanduka lachikasu kapena labuluu, ndiponso ngati mphete ikuzungulira mosalala popanda kukhwepa. Kenako pitani nayo pa madzi kapena pa masamba onyowa mvula itangokata. Kunyezimira kwa madzi kumachoka bwino kwambiri mukawayang'ana mopendeka, pafupifupi madigiri 37 kuchokera pamwamba pa madziwo, motero pa lenzi yotambalala mudzaona kuti mbali imodzi ya dziwe yaonetsa miyala ya pansi pamene patsidya pakunyezimirabe. Zunguzani pang'onopang'ono mukuyang'ana chithunzi chonse, ndipo muime pamene miyala yaoneka koma madzi akadali ndi kuwala pang'ono kosonyeza kuti ndi madzi.