Mukapatsidwa udindo wa mkulu wa dipatimenti

Tsiku limene ahedi anandisankha kukhala mkulu wa dipatimenti ya zilankhulo pa sukulu yathu ya sekondale yoyendera (CDSS), sanandichotsere piriyodi ngakhale imodzi. Ndinapitiriza kuphunzitsa Chichewa ku Fomu 2 ndi Fomu 4, makalasi amene akudikira mayeso a JCE ndi MSCE, kwinaku ndikuyang'anira aphunzitsi anayi. Mmodzi mwa iwo ndi bambo amene anayamba kugwira choko ine ndili ku pulayimale.

Yambani ndi kugawa makalasi, ndipo chitani zimenezi pamaso pa onse teremu isanatsegulidwe. Mukagawa muli nokha, mudzamva kuti mwakondera. Kalasi yovuta, ija ya ana ochuluka mpaka ena kukhala pansi, itengeni inuyo.

Masikimu, ndondomeko za zimene mphunzitsi aliyense adzaphunzitse m'teremu, apempheni sabata yoyamba, koma anu akhale oyamba kufika patebulo. Musamangosayina. Tsegulani silabasi pambali, muone ngati mitu ikutsatana, kenaka pakati pa teremu tengani makope atatu a ana muyerekeze ndi zimene zalembedwa kuti zaphunzitsidwa. Kope la mwana silinama.

Povuta penipeni ndi kukaonerera mnzanu akuphunzitsa. Bambo aja sindinawauze kuti ndikubwera kudzawayendera. Ndinati, "Aphunzitsi, ana a Fomu 4 chimangirizo chikuwavuta, tabwerani mudzaone pamene ndikulakwitsa." Anabwera, nakhala pa benchi yakumbuyo ndi kabuku kawo, ndipo potuluka anandiuza kuti ndimafunsa funso n'kuliyankha ndekha ana asanaganize. Ankanena zoona. Sabata yotsatira anandiitana okha m'kalasi mwawo. Mukaona cholakwika, musachitchule mu sitafu rumu anthu akumwa tiyi. Pitani ndi mphunzitsiyo pansi pa mtengo, muyambe ndi chimene wachita bwino, kenaka mutchule chinthu chimodzi chokha choti akonze.

Dziwaninso kuti muli pakati. Ahedi akufuna malikisi Lachisanu, aphunzitsi akudandaula kuti buku limodzi akugawana ana asanu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, mbali zonse zidzakufikani. Madandaulo a anzanu muziwalemba, ndi manambala ake: mabuku alipo angati, ana angati. Ahedi amayankha msanga pepala lotere kusiyana ndi mawu apakhonde. Ndipo mukabwerako ku ofesi, auzeni anzanu yankho tsiku lomwelo, ngakhale litakhala lakuti ndalama palibe mpaka teremu yamawa.