Madzi a bitiruti si mankhwala a khansa

M'nyengo ya dimba ino ndaona alimi ambiri akudzala bitiruti, ndipo poyamba ndinakondwera chifukwa ndi mbewu yabwino. Chimene chandidetsa nkhawa ndi uthenga umene ukuyenda pa WhatsApp ndi m'misika, wonena kuti madzi a bitiruti amachulukitsa nitric oxide m'thupi, ndipo mpweya umenewo umapha khansa. Chifukwa cha uthengawu odwala ena asiya kupita kuchipatala, ena akugula mapiritsi odula a L-arginine, chinthu chimene thupi limagwiritsa ntchito popanga mpweyawu.

Bodzali likufala mosavuta chifukwa lili ndi kachoonadi mkati mwake. Thupi limadzipangira lokha nitric oxide kuchokera ku L-arginine, ndipo ntchito yake yodziwika kwambiri ndi kufutukula mitsempha ya magazi, chinthu chimene Robert Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandirira mphoto ya Nobel mu 1998. N'zoonanso kuti maselo oteteza thupi amatulutsa mpweyawu wochuluka pamalo amodzi pofuna kupha tizilombo ndi maselo ena a khansa. Mbali imene ogulitsa sakunena ndi yakuti mpweya womwewu ukamatuluka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, umathandiza chotupa kumera timitsempha tatsopano timene timachidyetsa magazi, ndipo ungawonongenso DNA, malangizo a chibadwa amene ali m'kati mwa maselo abwino. Mlimi aliyense amadziwa kuti madzi amene amathirira ndiwo m'dimba amakulitsanso udzu. Kapu ya bitiruti ingatsitse pang'ono kuthamanga kwa magazi, koma palibe njira yoti womwayo aloze mpweyawo pachotupa ndi mlingo woyenera. Ngakhale madokotala amene anayesa kuphatikiza nitroglycerin, mankhwala a mtima otulutsa mpweyawu, ndi kemo (mankhwala a kuchipatala opha maselo a khansa) pa khansa ya m'mapapo anaona ngati zikuthandiza pa kafukufuku woyamba, koma kafukufuku wotsatira sanatsimikizire phindulo.

Mlimi wina wa tomato anandifotokozera zimene zinachitika pakhomo pake. Mayi a kunyumba kwake anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero isanafike patali, ndipo anawapatsa tsiku lobwerera. Iye anagulitsa mbuzi ziwiri, nagula mabotolo a mapiritsi, ndipo m'mawa uliwonse ankasinja bitiruti ndi manja ake. Pamene ankabwerera kuchipatala patapita miyezi isanu, matendawo anali atafalikira moti opaleshoni sinali yotheka. Bambo ameneyu amawakonda akazi ake, ndipo chimene chimandipweteka ndi chakuti anachita zonsezi ndi mtima wofuna kuwapulumutsa.

Chizolowezi choyamba tayesa zonse kumudzi, n'kupita kuchipatala wodwala atafooka kale, ndatopa nacho. Kale tinkazengereza chifukwa cha zitsamba, lero tikuzengereza chifukwa cha mawu a Chingerezi olembedwa pabotolo, pamene dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri padziko lonse.

Bitiruti idyani ngati chakudya basi. Ngati muli pa kemo, musadumphe tsiku lanu, ndipo chilichonse chimene mukumwa pambali muwauze adokotala, makamaka ngati mumamwanso mankhwala a BP. Amayi pitani mukayezetse khomo la chiberekero kuchipatala cha boma, atsikana alandire katemera wa HPV, kachilombo kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo amene akuvutika kumeza nsima nayenso akapimidwe kuchipatala, asadikire kuti akolole kaye.