Kamangidwe ka gele, duku la akazi achiyoruba

Gele ndi duku loima njo lomwe akazi achiyoruba ku Nigeria amamanga pa ukwati ndi pa zikondwerero zina. Limayendera limodzi ndi bulauzi yotchedwa buba, nsalu ya m'chiuno ya iro ndi ipele ya paphewa. Ngati mukulifuna pa kitchen party kapena pa chilanga mulilo kuno ku Lusaka, yambani ndi kusankha nsalu.

Eni ake amakonda aso oke, nsalu yokhuthala yoluka pamanja timizere ting'onoting'ono tomwe amalumikiza pambuyo pake. Tauni ya Iseyin ku Nigeria komweko ndi yotchuka nayo. Nsalu ina yokhuthala yotchedwa damask nayo imaima bwino. Chitenge cha ku Kamwala n'chofewa, chimagwa nyimbo yoyamba isanathe. Mukachifunabe, tengani mamita awiri, dulani pakati m'litali, viikani mu sitachi, chiume, kenako musite.

Tsitsi lilukidwe logona, ndipo zodzola kunkhope muthane nazo kaye. Womangidwayo akhale pampando, inu muimirire kumbuyo kwake.

Pindani m'mphepete mwa nsalu timizere tinayi kapena tisanu, kalikonse kotakata ngati chala. Ikani pamphumi, mbali imodzi italike kuwirikiza inzake. Kokerani zonse kunkhongo, zikuphimba nsonga za makutu, n'kuzipingasa. Yaifupi agwire mwini mutu. Yaitali ibwere kutsogolo pamwamba pa timizere toyamba tija, mukupinda tina kuchokera khutu ili mpaka linalo. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amachotsa chala chachikulu asanagwire kamzere kotsatira, ndiye tonse timamasuka, duku n'kukhala ngati nkhata. Panikizani kalikonse, ndipo kapamwamba kabwerere m'mbuyo pang'ono kuti tonse tizioneka ngati masitepe.

Kunkhongo mangani mfundo ziwiri pogwira ngodya za m'munsi zokha. Nsalu yotsala pamwamba itambasuleni ngati mchira wa nkhukundembo, mubaye mapini anayi kapena asanu ndi limodzi mobisika.

Chala chimodzi chizitha kulowa pakati pa duku ndi mutu, pamwamba pa khutu. Chikakana, masulani, mutu uyamba kuwawa chakudya chisanabwere. Chikalowa chogwedera, duku lidzavuka pogwada popereka mphatso.

Kwa operekeza mkwatibwi ambiri kuli auto gele, losokedwa kale mongovala ngati chipewa. Limapulumutsa nthawi, koma muliyeseretu, mitu siifanana.